Khobidi likatha mphamvu, mbiri yake imatsala

Kuchokera m'chaka cha 1960, maiko a kumwera ndi pakati pa Africa akhala akusintha ndalama zawo motsatizana. Dziko la South Africa lidasiya mapaundi ndi masheleni n'kuyamba randi mu 1961. Zambia idabweretsa kwacha ndi ngwee mu 1968, Malawi kwacha ndi tambala mu 1971, Botswana pula ndi thebe mu 1976, ndipo Mozambique idachotsa eskudo n'kuikapo metical mu 1980. Kusinthaku sikudalekere pomwepo. Mozambique idadula maziro atatu pa ndalama yake mu 2006, Zambia idachita chimodzimodzi mu 2013, pomwe Zimbabwe idadula maziro 25 m'maulendo atatu pakati pa 2006 ndi 2009.

Ndalama ikasinthidwa, zapepala anthu amathamanga nazo kubanki. Zachitsulo n'zimene zimatsalira m'zitini, m'madirowa ndi pansi pa masutikesi, poti palibe amene angalipire basi kukasinthitsa chinthu chosakwana kugula ngakhale machesi. Mwini chitini akamwalira, otsala amazisesera kudzala, ena amazigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo makobidi obowoka pakati ambiri adathera pamadenga, kukhala mawashala a misomali ya malata.

Komabe pali anthu ochepa amene amatola ndalama zoterezi, kuzisanja, kuzilemba m'kaundula ndi kukumana m'makalabu kuti aphunzitsane. Ambiri amawaona ngati anthu osowa chochita, kapena olemera amene mavuto a ufa ndi feteleza sawakhudza. Koma ntchito ya makalabu amenewa ili ndi phindu la mitundu iwiri limene chigawo chino chikulisowa: imasunga mbiri imene ikutayika tsiku ndi tsiku, ndiponso imateteza anthu wamba kwa akathyali amene amadyera pa umbuli wa ena.

Zimene khobidi limasimba

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri ofukula zakale adapeza kandalama kamkuwa m'mabwinja a Great Zimbabwe. Kandalamako kadasulidwa ku Kilwa, pagombe la dziko limene lero ndi Tanzania, ndipo kali ndi dzina la mfumu al-Hasan ibn Sulaiman imene idalamula kumeneko kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1300. Kanthu kochepa chonchi kadakhala umboni wogwirika wakuti malonda a golide adalumikiza mkati mwa Africa ndi nyanja ya India azungu asadafike. Ku Ingombe Ilede, m'chigwa cha Zambezi m'dziko la Zambia, anthu okumba maziko a thanki ya madzi mu 1960 adapeza manda okhala ndi mikanda yagolide ndi zigumu zamkuwa zosulidwa ngati mtanda, zimene zinkagwira ntchito pamalonda.

Nacho Chichewa chidasunga mapazi a amalonda amenewa. Akatswiri a zilankhulo amati liwu lakuti ndalama lidachokera ku dirham ya Aluya, pomwe khobidi lidachokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza mkuwa. Rupiya, imene owerenga Buku Lopatulika amaidziwa, ndi dzina la ndalama ya ku India imene inkayenda ku Nyasaland kuchiyambi kwa ulamuliro wa atsamunda. Ndipo sheleni idalowa m'midzi limodzi ndi msonkho. Msonkho wa nyumba wa masheleni atatu pachaka, umene boma la atsamunda linkatolera m'zaka za m'ma 1890, udatulutsa amuna m'makomo kukafuna ntchito m'maesiteti, ndipo pambuyo pake ku Halale ndi kumigodi ya ku Joni. N'chifukwa chake tiki ya ku South Africa kapena sheleni ya Southern Rhodesia imapezeka m'nyumba ya ku Ntcheu, ku Mzimba kapena ku Katete: idabwera m'thumba la munthu wochokera kuulendo wa Wenela.

Ndalama za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland zidayamba kusulidwa mu 1955. Khobidi lake lidali lobowoka pakati ndipo lidali ndi njovu ziwiri, theka la khobidi lidali ndi akadyansonga, sikisipensi mkango, sheleni mphalapala, ndipo ndalama ya masheleni awiri idali ndi nkhwazi itagwira nsomba. Chitaganyacho chidatha pa 31 December 1963, ndipo chaka chotsatira Malawi ndi Zambia zidatulutsa ndalama zawozawo. Za Malawi za 1964 zidali ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda: pa sikisipensi padali tambala, pa sheleni mtolo wa chimanga, pa masheleni awiri njovu ndi mwana wake. Kwacha itabwera mu 1971, paundi imodzi idasanduka K2, sheleni idasanduka 10 tambala, ndipo chimanga chija chidasamukira pa 10 tambala, njovu pa 20 tambala. Maina akuti kwacha, tambala ndi ngwee nawonso ndi mbiri, pakuti adachokera ku mfuu ndi zizindikiro za omenyera ufulu.

Amene angaike ndalama za Malawi pamzere adzawerenga ndale za dzikolo popanda kutsegula buku. Pambuyo pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ndalama za 1995 ndi 1996 zidatuluka ndi nkhope ya Bakili Muluzi. Tambala uja adachoka pa 1 tambala n'kubwerapo nsomba ziwiri, ndipo pa K1 padabwera nkhwazi. Ndalama za K5 ndi K10 za 2006, zija za zitsulo ziwiri, komanso zing'onozing'ono za 2012, zili ndi chizindikiro cha boma m'malo mwa nkhope ya munthu. Kuchepa kwa msinkhu ndi kulemera kwake nakonso kukusimba za chuma: kwacha idachepetsedwa mphamvu mu 2012, mu 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023. Ana ambiri a kupulaimale lero amamva za tambala m'masamu okha, sadaigwirepo m'manja.

Mozambique nayo ili ndi nkhani yake. Mu 1975 kudasulidwa ndalama zokhala ndi nkhope ya Samora Machel ndi dzina lakuti metica, koma sizidatulutsidwe kuti zigwire ntchito pamsika. Zochepa zimene zidapulumuka zili m'manja mwa osonkhanitsa, ndipo ndi umboni wa ganizo la boma limene lidasinthidwa lisadafike kwa anthu.

Ntchito ya kalabu

Munthu angathe kutola ndalama payekha, koma mutu umodzi susenza denga. Makalabu a osonkhanitsa adayamba kalekale: bungwe la Royal Numismatic Society la ku London lidayamba mu 1836, la American Numismatic Association mu 1891, ndipo ku Cape Town kudabadwa bungwe lotere kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940. Mabungwe akuluakuluwa amatchuka, koma ntchito yeniyeni imachitika m'makalabu ang'onoang'ono a m'matauni, a anthu khumi kapena makumi awiri, okhala ndi wapampando, mlembi ndi msungichuma monga momwe gulu lililonse la kumudzi limakhalira.

Kawirikawiri kalabu yotere imakumana kamodzi pamwezi. Membala mmodzi amakonzekera nkhani yaifupi, mwina ya ndalama za dziko limodzi kapena za chaka chimodzi, ndipo ndalamazo zimazungulira pathebulo kuti aliyense aone ndi maso ake. Kenaka amene ali ndi ndalama ziwiri zofanana amasinthana ndi anzawo, ndipo makalabu ena amachita kaokushoni kakang'ono kamene gawo la phindu lake limalowa m'thumba la gulu. Thumbalo limagula zinthu zimene munthu mmodzi sangazikwanitse, makamaka mabuku. Buku lotchuka kwambiri ndi Standard Catalog of World Coins limene Chester Krause ndi Clifford Mishler adayamba kusindikiza mu 1972, ndipo manambala ake ndi amene osonkhanitsa a maiko onse amatchulira ndalama. Masiku ano zambiri zotere zimapezekanso pa intaneti, pamasamba ngati Numista, kotero foni imodzi ingathe kuthandiza gulu lonse.

Zida za kalabu n'zochepa: galasi lokuzira zinthu, kasikelo koyeza magalamu, maginito ndi rula. Ndi zimenezi, mamembala amayeza ndalama imene mlendo wabwera nayo n'kuyerekeza ndi zimene zalembedwa m'buku. Mwachitsanzo, Krugerrand yeniyeni ya aunsi imodzi, ndalama yagolide imene South Africa idayamba kusula mu 1967, imalemera magalamu 33.93, ndipo golide, siliva ndi mkuwa sizikokedwa ndi maginito. Ndalama yonyezimira imene yalephera mayeso awiri amenewa ndi yabodza, ngakhale wogulitsa atalumbira chotani.

Ntchito ina yofunika ndi kaundula. Kalabu yabwino imalemba dzina la dziko, chaka, chitsulo ndi maonekedwe a ndalama iliyonse, komanso kumene idapezeka ndi zimene mwini wake akukumbukira. Agogo akanena kuti tiki iyi adalandira pa ntchito yakutiyakuti ndipo inkagula zakutizakuti, mawu amenewo amalembedwa pambali pa ndalamayo. Mabuku a ku Ulaya ndi ku America amadziwa chiwerengero cha ndalama zimene fakitale idasula, koma sadziwa kuti sheleni inkagula nsalu yotalika bwanji pasitolo ya Mmwenye ku Limbe kapena ku Fort Jameson. Zimenezo zingalembedwe ndi anthu a komweko basi.

Safunsa adadya phula

Phindu lachiwiri la kalabu limakhudza thumba la munthu wamba. Pali chikhulupiriro chofala chakuti ndalama iliyonse yakale ndi chuma. Zoona zake n'zakuti ukalamba pawokha sukweza mtengo. Zimene zimakweza mtengo ndi zitatu: kusowa kwa ndalamayo, kusaperepeseka kwake, ndi kuchuluka kwa anthu oifuna. Khobidi lobowoka la chitaganya lidasulidwa m'mamiliyoni, choncho loperepeseka limagulidwa motchipa ngakhale lili ndi zaka zoposa 60.

Dziko la South Africa lili ndi zitsanzo za mbali zonse ziwiri. Mu 2008 kudatuluka R5 yokumbukira kuti Nelson Mandela wakwanitsa zaka 90, ndipo zidasulidwa 22 miliyoni. Mphekesera zidafala zakuti ndalamayi idzalemeretsa eni ake, anthu ambiri adaibisa, ena adaigula pamtengo wokwera. Banki yaikulu ya dzikolo yakhala ikufotokoza kuti ndalama yotere, ikakhala yoti idayendapo m'manja mwa anthu, mtengo wake ndi R5 yomweyo, ndiponso kuti bankiyo siigula. Kumbali ina kuli paundi yagolide ya boma la Paul Kruger ya 1898 imene idadindidwa nambala 9 imodzi pansi pa nkhope. Padziko lonse ilipo imodzi yokha, ndipo mu January 2025 idagulidwa paokushoni ku America pamtengo woposa madola 2 miliyoni. Anthu amamva nkhani yachiwiriyi n'kuganiza kuti ikukamba za ndalama imene ili m'chitini mwawo.

Apa m'pamene akathyali amalowera. Ku Tanzania ndi m'madera oyandikana nako kwakhala mphekesera kwa zaka zambiri zakuti rupiya ya Ajeremani, ya nthawi imene ankalamula German East Africa, ili ndi mphamvu zodabwitsa ndipo pali azungu oigula ndi ndalama zankhaninkhani. Kachitidwe kake n'kodziwika. Mmodzi amabwera ngati wogula wochokera kutali, n'kutchula mtengo wozunguza mutu. Patapita masiku, mnzake amatulukira ali ndi ndalama yomweyo, akuigulitsa motsika ati chifukwa ali pamavuto. Wopusitsidwayo amagulitsa mbuzi kapena kutenga katapila kuti aigule msanga, ndipo akabwerera kwa wogula uja amapeza foni yake yazima. Chonsecho rupiya za Ajeremani zidasulidwa zambirimbiri kuyambira 1890, zilibe mphamvu ina iliyonse yoposa siliva amene ali m'kati mwake, ndipo zina zimene zimayenda m'matumba a akathyali n'zopeka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kutayika kumachitikanso mwanjira ina, pamene munthu ali ndi chinthu chamtengo koma sadziwa. Masheleni ndi matiki a Southern Rhodesia osulidwa kuyambira 1932 kufika 1946 ali ndi siliva weniweni, pomwe a 1947 kupita m'tsogolo ndi a mkuwa wosakaniza ndi nikelo. Poyang'ana ndi maso amafanana. Wogula wochenjera amadziwa kusiyanaku, mayi wamasiye amene akugulitsa chitini cha malemu amuna awo sadziwa. Pamene pali kalabu yodziwika, mayiyo ali ndi kokafunsa asadagulitse.

Zimene zidachitika ku Zimbabwe zikuonetsa kuti mtengo wa ndalama yakufa ndi wovuta kulosera. Mu 2008 banki yaikulu ya dzikolo idalengeza kuti ndalama zachitsulo zakale ziyambenso kugwira ntchito, ndipo amene adazisunga m'mabotolo adapita nazo kusitolo. Ndalama yapepala ya madola 100 thililiyoni ya mu January 2009 idasinthidwa ndi masenti 40 a ku America pomwe boma linkathetsa dola ya Zimbabwe mu 2015, koma osonkhanitsa a kunja amaigula pamtengo woposa pamenepo kutalitali. Zoterezi zimachitika mwakamodzikamodzi, ndipo amene amasonkhanitsa ndalama n'cholinga cholemera amakhumudwa. Makalabu okhazikika amauza membala watsopano zimenezi tsiku loyamba.

Poyambira pake

Ena anganene kuti m'maiko mmene mabanja akuvutika kupeza chakudya, nkhani ya makobidi akale ingadikire. Koma kalabu yotere sifuna thandizo la maiko akunja kapena galimoto ya pulojekiti. Imafuna chipinda, thebulo, kope ndi anthu asanu odzipereka. Malo oyenera kwambiri ndi sukulu, poti kumeneko kuli kale makalabu a zachilengedwe, a zisudzo ndi a mtsutso. Mphunzitsi wa mbiri amene wagwiritsa ophunzira ake khobidi la 1955 ndi sikisipensi ya 1964 waphunzitsa za chitaganya ndi ufulu mwanjira yosaiwalika. Wa masamu angafunse kuti masheleni 15 adasanduka matambala angati mu 1971, ndipo wa zachilengedwe ali ndi nkhwazi, mbidzi, mphalapala ndi chambo pathebulo limodzi.

Woyamba kumene asathamangire kugula. Asankhe mutu umodzi wochepa, monga ndalama zisanu za Malawi za 1971, za 1, 2, 5, 10 ndi 20 tambala, kapena zisanu za Zambia za 1968 zokhala ndi nkhope ya Kenneth Kaunda, n'kuzifunafuna kwa abale ndi anansi. Amene amakhala m'malire, ku Mchinji, ku Chipata, ku Dedza kapena ku Ulongwe, ali ndi mwayi wopeza ndalama za maiko atatu m'mudzi umodzi. Achenjere ndi ndalama zokongola zamitundumitundu zolembedwa dzina la Malawi kapena Zambia zimene zimagulitsidwa pa intaneti: zambiri zidasulidwa kunja kuti zigulitsidwe kwa osonkhanitsa, ndipo sizidayendepo pamsika uliwonse wa m'maikowo.

Kasamalidwe kake kali ndi malamulo ochepa. Lalikulu ndi lakuti ndalama yakale sikwechedwa. Phulusa, mchenga, mandimu ndi polishi zimachotsa khungu lapamwamba la chitsulo, ndipo ndalama yokwechedwa imagwa mtengo ngakhale ikunyezimira. Igwiridwe m'mbali mwake, isungidwe pouma, iliyonse m'kaenvelopu kake kapepala kolembedwa bwino. Mapulasitiki ofewa ena amatulutsa mankhwala amene amasiya ndere yobiriwira pamkuwa.

Palinso malamulo a boma oyenera kuwadziwa. Ndalama imene ikugwirabe ntchito siyenera kubooledwa kapena kusungunulidwa. Zinthu zofukulidwa m'nthaka, monga zigumu zamkuwa ndi mikanda ya m'manda akale, zimatetezedwa ndi malamulo a zinthu zakale, monga Monuments and Relics Act ku Malawi ndi National Heritage Resources Act ya 1999 ku South Africa. Wopeza zotere adziwitse akuluakulu oona za zinthu zakale, asazichotse pamalo pake, poti chinthu chofukulidwa mwachisawawa chimataya theka la umboni wake. Makalabu angagwirizane ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale monga ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ya ku Livingstone m'dziko la Zambia, ndi Museu Nacional da Moeda ya ku Maputo, imene idatsegulidwa mu 1981 kuti isunge mbiri ya ndalama. Bungwe la Society of Malawi, limene lidayamba mu 1946 ndipo lili ndi laibulale ku Mandala House, ndi malo ena amene wofufuza angapezeko zolembedwa za nthawi ya atsamunda.

Nthawi yochitira zimenezi ndi yochepa. Malonda ambiri m'matauni akuyenda pafoni, ndipo ndalama zachitsulo zikusowa m'manja mwa anthu chaka ndi chaka. Amene adalandirapo malipiro m'masheleni ku Malawi chisadafike chaka cha 1971, kapena ku Zambia chisadafike chaka cha 1968, tsopano ali ndi zaka pafupifupi 70 kapena kuposerapo. Chitsulo chingathe kukhala m'nthaka zaka 700 monga kandalama ka ku Kilwa kaja, koma munthu wodziwa zimene tiki inkagula sadzakhalapo mpaka kalekale. Mphunzitsi, mbusa kapena mkulu wopuma pantchito amene angasonkhanitse achinyamata ochepa mwezi uno, n'kuwatuma kwa agogo awo ndi kope ndi cholembera, adzakhala atayambitsa kalabu ngakhale asadaipatse dzina.